Mlingo umene timayezera phungu

Nyengo ya chisankho ikafika, pali mawu amene sasowa m'mawailesi, m'manyuzipepala ndi m'macheza a anthu ophunzira a m'mizinda. Akuti chimene chikubwezera dziko lino m'mbuyo ndi munthu wakumudzi, amene amagulitsa voti yake ndi chitenje, kapaketi ka shuga kapena K2,000, ndipo akapanda kugulidwa amangotsata mtundu wake ndi chipani chimene makolo ake ankavotera. Pamene tinkayandikira tsiku la 16 September 2025, limene tidasankha pulezidenti, makhansala ndi aphungu 229 a Nyumba ya Malamulo, mawuwa adayambanso kumveka mokweza. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, choncho mlandu umenewu ukuimbidwa pafupifupi dziko lonse. Ife a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Chipoka, Senga Bay ndi Nkhotakota, timatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo chake. N'chifukwa chake taganiza zouzenga mlanduwu modekha, kuti tione pamene ukunena zoona ndi pamene ukutinamizira.

Tiyambe ndi nkhani ya kugulidwa. Mphatso ikadakhala kuti ndiyo imapambanitsa chisankho, zotsatira za 2014 zikadakhala zina. Mayi Joyce Banda adalowa m'chisankho chimenecho ali pampando wa pulezidenti, ndipo kwa miyezi yambiri adakhala akuyendera midzi, kugawa chimanga ndi ng'ombe komanso kumangira nyumba anthu osauka. Anthu adalandira, adavina ndipo adathokoza. Pa 20 May adakaponya voti, mayiwo n'kukhala pa nambala yachitatu, chipani chawo cha PP n'kupeza mipando 26 yokha mwa 193. Mbiri ya kusololedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, imene idaphulika mu 2013, idali itafika kale m'midzi kudzera pa wailesi, ndipo anthu ambiri adailumikiza ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Thumba la chimanga adalinyamula, koma silidawatseke makutu.

Nanga za mtundu ndi chipani? Palibe angakane kuti pa voti ya pulezidenti zigawo zimaonekera, ndipo zakhala zikuonekera kuyambira 1994. Komabe mu 2009 a Bingu wa Mutharika adapeza mavoti 66 mwa 100 alionse, ochokera m'zigawo zonse zitatu, chifukwa makuponi a feteleza amene adayamba mu 2005 adali atadzaza nkhokwe zaka zingapo zotsatizana. Mlimi adayeza boma ndi zimene adakolola. Tionenso chipani cha UDF, chimene anthu a m'mizinda amati ife timachivotera titatsinzina. Chidapeza mipando 85 mu 1994 ndi 93 mu 1999, koma chidatsikira pa 49 mu 2004, pa 17 mu 2009, pa 14 mu 2014 ndi pa 10 mu 2019. Ngakhale m'maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka, kumene chidazika mizu, mipando ina idapita kwa oima paokha ndi a zipani zina. Mu 2019 a Atupele Muluzi, mtsogoleri wa chipanicho komanso mwana wa pulezidenti wakale, adagonja pampando wa dera la kumpoto chakum'mawa kwa Machinga, umene adaukhalira kuyambira 2004. Amene adawagwetsa ndi alimi a m'midzi ya kwawo komweko.

Mtima wa wovota wakumudzi umaoneka bwino pa mmene amachitira ndi phungu wake. Kuyambira 2004, pa chisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwerera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo pakati pa ogwawo pamakhala nduna za boma ndi akuluakulu a zipani, anthu amene adali ndi zogawa zambiri kuposa opikisana nawo. Chipani chikakakamiza munthu wake pa chisankho chachipulula, anthu amatsata amene akumuona kuti waponderezedwayo n'kukamuvotera ngati woima payekha. Oima paokha adapambana mipando 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019, chiwerengero chofanana ndi cha chipani cha MCP m'chaka chimenecho. Munthu wogulika, kapena wotsata mtundu mwachimbulimbuli, sachita zotere. Wovota wakumudzi ndi woweruza wouma mtima, amene amasunga mlandu zaka zisanu osauiwala.

Nanga chitenje chija amalandiriranji? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Munthu amene wamva malonjezo a msewu, chipatala ndi msika kwa zaka 30 amadziwa kuti chimene angachigwire m'manja pa tsiku la msonkhano mwina ndicho chokha chimene adzapate kwa wandaleyo. Amadziwanso kuti m'kachipinda koponyera voti amalowamo yekha. Motero mayi wogulitsa usipa padoko akhoza kukhala ndi nsalu zitatu za zipani zitatu, ina yoberekera mwana, ina yoyanikapo ufa, ina yofunda mwera ukamawomba, ndipo palibe imene ingakuuzeni kumene voti yake idzapite. Mphatso ilinso ndi tanthauzo lina m'maganizo a kumudzi: ndi mayeso a khalidwe. Anthu amadzifunsa kuti munthu amene akuumira lero, pamene akutifuna, adzatani akadzapeza chimene akufunacho? Choncho wopikisana amene sagawa kanthu amakayikiridwa, koma wogawa sakhala atagula munthu. Walipira chabe msonkho wolowera pabwalo.

Tikadalekera pamenepa tikadadzisangalatsa pachabe, chifukwa mlandu uja uli ndi mbali yoona imene oimba mlanduwo saifotokoza bwino. Pamene wovota wakumudzi amaperewera ndi pa mlingo umene amayezera phungu. Funsani m'mudzi uliwonse chimene chidagwetsa phungu wakale, mudzamva zofanana: adasowa atangosankhidwa, foni yake sinkayankhidwa, galimoto yake sidanyamule maliro kuchokera kuchipatala, sadagule nsalu ya sanda kapena thumba la mpunga pamene mfumu idamwalira, sadalipirire ana fizi, kamlatho kadakokoloka iye ali phee. Mukafunsa kuti adaima mbali iti pamene Nyumba inkavomereza ngongole yakunja, kapena adanenapo chiyani pa ndondomeko ya zachuma, funsolo limamveka lachilendo. Komatu ntchito imene malamulo adapatsa phungu ndi yomweyo: kupanga malamulo, kuvomereza misonkho ndi kagawidwe ka ndalama za boma, kulondoloza nduna kuti zifotokoze mmene zagwiritsira ntchito ndalamazo, ndi kukatula nkhawa za dera lake pamaso pa dziko. Tili ngati wogula usipa amene amayang'anitsitsa kuti ndowa idzaze mpaka pakamwa, n'kukangana ndi wogulitsa pa kansomba kamodzi kamene kagwa pansi, osaona kuti ndowayo adaipinda kunsi.

Mlingo umenewu udapangidwa ndi mbiri ya ulamuliro wathu, ndipo kuutcha umbuli n'kuthawa kufufuza. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidaika chitukuko cha m'midzi, monga mijigo, midadada ya sukulu, misika ndi timilatho, m'manja mwa makhonsolo. Makhansala oyamba a m'nyengo ya zipani zambiri adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala zaka 9 lopanda khansala mpaka chisankho chapatatu cha 2014. M'kati mwa zaka zomwezo, mu 2006, mudakhazikitsidwa thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, limene aphungu adapatsidwa mawu aakulu pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Thumbali lidakula mpaka kufika K200 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha boma cha 2024/25. Mnyamata amene adabadwa mu 2000 wakula akuona phungu akutsegulira mjigo, akugawa malata ndi kudula riboni pa chimbudzi cha sukulu. Tingamudzudzule bwanji akamaganiza kuti uphungu ndi umenewo? Mu May 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu m'thumba la CDF, ndi kuvota kwawo m'makhonsolo, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulocho n'chofunika, koma chizolowezi cha zaka pafupifupi 20 sichizuka ndi tsiku limodzi la kukhoti.

Palinso zifukwa zina ziwiri. Choyamba ndi chilankhulo. Malamulo amafuna kuti wopikisana pa uphungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe zimachitika m'Chingerezi. Msodzi wa ku Malombe kapena mlimi wa mpunga wa ku Nkhotakota, amene moyo wake wonse umayenda m'Chiyao, m'Chichewa kapena m'Chitonga, akatsegula wailesi nthawi ya zokambiranazo amangomva kukuwa ndi kumenya matebulo, mfundo osaigwira. Ntchito imene munthu sangaione kapena kuimva sangathe kuiyeza. Amayeza imene ikuoneka, ndipo galimoto yonyamula maliro imaoneka kwa mudzi wonse. Chachiwiri ndi ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu adaichotsa ndimeyi mu 1995, patangotha chaka chimodzi malamulowo atayamba kugwira ntchito, ndipo ngakhale anthu akhala akuipempha kambirimbiri, sidabwezeretsedwe. Wovota adatsala ndi tsiku limodzi lokha pa zaka zisanu. Munthu amene wapatsidwa mpata umodzi wokha woyankhula amaugwiritsa ntchito kulipsira, ndipo kufunsa mafunso amakusiya.

Zifukwazi n'zomveka, koma mtengo wa mlingowu timalipira ndife. Choyamba, uphungu wasanduka mpikisano wa olemera. Kafukufuku amene Michael Wahman adachita pa chisankho cha 2019 adapeza kuti wopikisana pa uphungu ankawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo amene adapikisana mwamphamvu ankafika pa K27 miliyoni, ndalama zoposa malipiro a phungu a chaka chathunthu panthawiyo. Mphunzitsi wopuma ntchito amene akulidziwa dera lake bwino lomwe, namwino wanzeru, kapena mayi amene wayendetsa banki ya m'mudzi mokhulupirika kwa zaka 10, sangaponde pabwalo lotere. Amene waponda ndi kupambana amafika ku Lilongwe ali ndi ngongole, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa, kaya kudzera m'makontrakiti a thumba la chitukuko, kaya pogulitsa voti yake kwa amene ali m'boma. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa mphatso zonyengerera ovota, koma lamulo silingagwire ntchito pamene wopereka ndi wolandira agwirizana kuti mphatsoyo ndi ulemu. Voti imene timaopa kuti igulidwa m'mudzi ndi K2,000 nthawi zambiri imakagulidwa mumzinda, pa mtengo wokwera, ife kulibe.

Chachiwiri, zinthu zimene zimalamula moyo wa m'mphepete mwa nyanja zimadutsa pamalo pamene sitiyang'anapo. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo ukonde, injini ya boti, mafuta ndi feteleza, zonse zochokera kunja, zidakwera mtengo nthawi imodzi. Kugwa kwa kwacha kumalengezedwa ndi banki yaikulu, koma mizu yake ili m'ngongole ndi m'kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kamene aphungu amavomereza chaka ndi chaka. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP idayamba mu 2020 ndi mabanja oposa 3 miliyoni, thumba la feteleza likuomboledwa pa K4,495. Pofika nyengo ya 2024/25 opindula adatsika mpaka pafupifupi 1 miliyoni, thumba lili pa K15,000. Ziwerengero zimenezi zimachokera m'ndondomeko ya zachuma imene phungu wathu amaiona isanavomerezedwe. Kolera amene adayambira ku Machinga mu March 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madoko athu, kumene madzi aukhondo ndi zimbudzi n'zosowa, adali m'gulu la malo okhudzidwa kwambiri. Phungu amene adanyamula maliro a kolera pa galimoto yake adachita chifundo, Allah amulipire. Koma funso loti adachitapo chiyani pamene ndalama za madzi zinkagawidwa ndilo likadachepetsa malirowo, ndipo funso limeneli silimveka pamisonkhano yathu.

Chachitatu, kusintha nkhope popanda kusintha mlingo kwatipatsa Nyumba yodzaza ndi alendo. Phungu watsopano amatha zaka zake zoyamba akuphunzira mmene zinthu zimayendera m'makomiti, ndipo akayamba kuzolowera nthawi ya kampeni imakhala yakwana. Amene akudziwa kuti mwina sadzabwerera, ngakhale atagwira ntchito bwanji ku Lilongwe, amaona kuti chanzeru n'kudzikundikira. Woima payekha uja, amene tidamusankha pofuna kulanga chipani, kawirikawiri pasanathe miyezi amalengeza kuti agwira ntchito ndi boma kuti chitukuko chifike kudera kwake, ndipo palibe amene adatifunsa. Msewu wa Mangochi kupita ku Makanjira, wa makilomita pafupifupi 100, wakhala ukulonjezedwa ndi maboma osiyanasiyana kwa zaka zambiri. Aphungu a kumeneko asinthidwa, koma mayi woyembekezera wakhala akuvutikabe chimodzimodzi nyengo ya dzinja, mitsinje ikadzaza. Msewu wotere sungamangidwe ndi thumba la phungu mmodzi. Umafuna aphungu a boma lonse la Mangochi, a zipani zosiyana, ogwirizana kuumirira nduna kufikira ndalama zake zitalembedwa ndi kutulutsidwa. Luso lotereli silioneka pamaliro, choncho sitiliwerengera.

Kwa ife Asilamu pali mbali ina imene tiyenera kuikamba poyera. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo athu ambiri adakana kutumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Maboma athu adatsalira pa maphunziro ndi pa ntchito za m'boma kwa zaka zambiri. Pamene a Bakili Muluzi adapambana mu 1994, ndipo tsiku la Idi yomaliza kusala lidadzakhala la tchuthi m'dziko lonse, ambiri adamva kwa nthawi yoyamba kuti dziko likuwawerengera. Choncho mtima wofuna "wathu" uli ndi kochokera, ndipo suyenera kunyozedwa. Koma andale nawonso amaudziwa mtima umenewu. N'chifukwa chake chaka cha chisankho chimabwera ndi malata a mzikiti, matumba a mpunga ndi shuga m'mwezi wa Ramadhani, komanso mikanjo ndi zipewa pa anthu amene sitidawaonepo pa Swala ya Ijuma. Voti ndi umboni umene munthu amapereka wonena kuti uje ndi woyenera kusungitsidwa za anthu, ndipo tonse tikudziwa kulemera kwa umboni ndi kwa amana. Dzina lachisilamu silitiuza ngati munthu angathe kuwerenga ndondomeko ya zachuma, monganso dzina lachikhristu silitiuza kuti sangatiyankhulire. Komiti ya mzikiti imene yalandira malata kutatsala milungu ingapo kuti tivote imakhala yadzimanga pakamwa kwa zaka zisanu, ndipo phunguyo akadzalakwa, shehe amasowa poyambira kumudzudzula.

Ena anganene kuti munthu wosauka sangaganize za mawa pamene lero m'nyumba mulibe ufa. Nyanja yathu yomweyi ikutsutsa zimenezo. Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chimatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu December mpaka mu April pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira ya ku Salima, mwambo umene udayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumbapo n'kusiya utaka m'madzi, m'miyezi yomweyo imene njala imafika pachimake m'midzi. Chilumba chikatsegulidwa pamakhala malamulo a zida zololedwa ndi a khalidwe, komiti ya mfumu imayendera, ndipo wophwanya amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Asodzi amenewa si olemera, ndipo ambiri mwa iwo sadapite patali ndi sukulu. Amamvera chifukwa lamulo amalimva m'chilankhulo chawo, amene akulisunga amamuona ndi maso ndipo angathe kumufunsa, komanso phindu la kudikira amaliona m'bwato chilumba chikatsegulidwa. Ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chidatha mochititsa mantha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makomiti a m'madoko adakhazikitsidwa kuyambira 1993 mothandizidwa ndi boma ndi mabungwe akunja, koma chambo sichidabwerere monga kale. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo chimodzi mwa izo n'chakuti asodzi ambiri adawaona malamulowo ngati a eni ake obwera.

Nyumba ya Malamulo ili kwa wovota wakumudzi monga malamulo a ku Malombe adaliri kwa msodzi: ya eni ake, ya m'chilankhulo china, yopanda phindu looneka. Apa ndi pamene maphunziro ambiri a zachisankho amaphonyera. Uthenga woti "musagulitse voti yanu" umabwerezedwa chaka chilichonse cha chisankho, pamene mbiri yaonetsa kale kuti ambiri saigulitsa. Uthenga woti "voterani mfundo" nawonso ndi wosavuta kuunena muli mu ofesi, koma mfundozo zili m'mabuku a Chingerezi amene ngakhale opikisana ena sadawawerenge. Chimene chikusowa ndi kubweretsa ntchito ya phungu poyera, m'chilankhulo cha anthu, chaka chonse. Zonse zimene aphungu amayankhula m'Nyumba zimalembedwa. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi wailesi ya ku Nkhotakota, pamodzi ndi Radio Islam, akadamatenga zolembedwazo sabata iliyonse Nyumba ikamakumana n'kuuza anthu m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti phungu wakuti adafunsa funso lakuti, wakuti adajomba masiku akuti, wakuti sadatsegule pakamwa, mlingo ukadasintha wokha popanda kukalipira munthu. Amene amaseka wovota wakumudzi ndi omwewo amene ali ndi maphunziro ndi zipangizo zogwirira ntchito imeneyi, ndipo kuseka n'kopepuka kuposa kumasulira.

Milungu yomaliza chisankho chisanachitike imatipatsa mpata umene subwera kawirikawiri: andale amabwera okha m'midzi mwathu, ndipo amafuna kutisangalatsa. Safunsa adadya phula. Phungu amene akufuna kubwereranso afunsidwe, pamaso pa mafumu ndi anthu, kuti atchule ntchito za CDF za chaka chilichonse, ndalama zimene ntchito iliyonse idadya ndi amene adapatsidwa kontrakiti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo komiti ya chitukuko ya m'dera ili ndi ufulu wokapempha mapepala amenewa kukhonsolo. Afunsidwenso kuti adali m'komiti iti ya Nyumba ya Malamulo, ndipo ndi nkhani iti ya dera lino imene adaitula kumeneko. Woima payekha anene lero mbali imene adzakhale akapambana. Aliyense wa iwo anene ngati adzavomere kubwezeretsa ndime 64, ngati adzalimbikitse kuti zokambirana za Nyumba zizimasuliridwa m'zilankhulo zathu, ndi chimene adzachite pa nkhani ya zombo zokoka makoka zimene asodzi ang'onoang'ono akhala akudandaula kuti zimalowa m'madzi osaya. Wogawa ndalama zambiri afunsidwe mwaulemu kuti adzazibweza bwanji. Amayi, amene ndiwo amadzaza misonkhano ndi mizere yovotera, asapatsidwe kuvina kokha. Iwo ndiwo akudziwa mtengo wa chimanga pamsika ndi tsiku limene chipatala chidatha mankhwala, ndipo funso lawo limakhala lolunjika kuposa la abambo ambiri.

Nkhani ya mjigo wowonongeka, denga la sukulu ndi chimbudzi cha padoko ipite kwa wopikisana pa ukhansala, amene ambiri timamuvotera osadziwa n'komwe dzina lake. Maliro ndi a mudzi ndi a jamaa ya pamzikiti, monga zidaliri makolo athu asanamve za phungu, ndipo thumba laling'ono losonkherana mwezi ndi mwezi lingagule sanda popanda kugwadira munthu. Tikamuchotsera phungu katundu amene si wake, tidzapeza mphamvu yomufunsa za katundu wake weniweni. Pa tsiku la chisankho tidzapatsidwa mapepala atatu. La khansala tidzaliyeze ndi zimene zili m'mudzi, la pulezidenti ndi mmene dziko layendera, ndipo la phungu tidzaliyeze ndi funso lakuti: munthu uyu akakhala ku Lilongwe, nduna ya zachuma ili patsogolo pake ndi buku la ndalama za dziko, angathe kuliwerenga, ndipo angalimbe mtima kukana?